Foni ya Malemu Kizito

"Sinizapita, Mapalo. Ukambe mpaka dzuwa lilowe, koma kwa atate ako aang'ono kukapempha foni, sinizapita."

Justina analankhula osadzutsa mutu. Anali atagwada pakati pa mizere ya mbande za mango, akudula mizu imene inaboola timatumba takuda n'kuyamba kulowa m'nthaka. Mwana wake Mapalo anaima pambali, nsapato zake zitayera ndi fumbi la msewu wa ku Kasisi.

"Amai, onani mbande izi. Zakula mpaka zifuna kuthawa m'matumba. Mvula ikagwa zikali pano, muzazipatsa mbuzi? Chaka chatha nthawi ngati ino mamotoka anali kuima mzere mpaka kumsewu."

"Anthu anamva kuti atate ako anamwalira. Aopa kubwera pakhomo pa maliro."

"Anthu a ku Silverest? Aja sadziwa na dzina la neba wawo! Munthu akamanga nyumba paploti yake, afuna mitengo, afunsa foni kuti mbande zipezeka kuti. Foni imuonetsa njira, basi alondola. Manje njira ija siibweranso kuno. Ipita kwa atate aang'ono, ba Boyd."

Justina anaika mpeni pansi.

"Njira ipita bwanji kwa munthu? Msewu si uwo uli pomwe unali?"

Mapalo anakhala pa wilibala. Ntchito yake ku tauni inali yomweyo: eni masaluni, ogulitsa simenti ndi ophika zakudya ankamulemba kuti aike malonda awo pa mapu a m'foni, azikonza nthawi yotsegulira, aziikapo zithunzi, aziyankha odandaula. Nazale ya bambo ake, yotchedwa Mbande za Kizito, anaiikaponso ndi iye. Koma Kizito anaumirira kuti zonse zikhale m'foni yake. Ankati kiyi wa khomo sakhala m'thumba la mwana.

"Pamene anagawa zovala za atate, munalimbira pampu, munalimbira wilibala iyi," anatero Mapalo. "Foni munapereka mweka."

"Inali yong'ambika galasi! Alamu anga anatenga jekete na nsapato, abale onse ali pamphasa. Anati na foni yomwe, akumbukirepo mkulu wawo. Nikane kafoni kong'ambika pamaso pa anthu, ine mkazi wamasiye amene anisiyira munda na nyumba? Ninathokoza Mulungu kuti atenga tochepa."

"Anatenga chachikulu, amai. M'menemo ndiye munali khomo la nazale."

"Chimene chagawidwa pamphasa ya maliro sichibwerera. Madzi akatayika saoleka."

"Onani chabe. Musakambe, onani."

Mapalo anatulutsa foni yake. Justina anapukuta manja pachitenje, n'kuyandikira monyinyirika. Poyamba anangoona mizere yotuwa ndi yobiriwira. Mapalo anatambasula chithunzicho ndi zala ziwiri, dziko n'kuyamba kusendera pafupi ngati munthu akutsika nalo kuchokera m'mitambo. Denga la tchalitchi cha mishoni linaoneka, kenako msewu, kenako kanjira kokhota. Ndiyeno denga la malata lokhala ndi mwala pakona.

"Mayo," anatero Justina motsitsa. "Mwala uja anaika atate ako mphepo itavuta."

"Ni pano pamene takhala."

Justina anayang'ana kumwamba. Kunali mbee, kopanda ngakhale kabawi. Anayang'ananso m'foni. Mizere ya mbande inali pomwepo, yowongoka ngati tsitsi loluka. Shedi ya ukonde wobiriwira, imene inang'ambika mwezi wa maliro, m'fonimo inali yathunthu. Pafupi ndi chitsime panali kadontho kakuda, kali ndi kamthunzi kake.

"Aka n'kachani?"

"Chithunzi ichi n'chakale, amai. Anajambula kumwamba chaka chatha kapena chinzake. Mwina ni dramu."

"Pamenepo sipanakhalepo dramu." Justina anabweretsa chala pafupi, koma sanakhudze galasi. "Ni atate ako. Atunga madzi."

Nkhuku inadutsa pakati pawo osaithamangitsa. Justina anapanga chizindikiro cha mtanda pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti diso lija linali kutiona masiku onse, ife osadziwa? Anthu a Mulungu, nzeru izi!"

"Manje onani dzina lili kuti."

Mapalo anakankha chithunzi ndi chala. Minda inathamanga, midzi inadutsa, mpaka anafika pamsewu wa tala, pakhomo la Boyd, mng'ono wa malemu. Pamenepo panaima kachizindikiro kofiira, pansi pake palembedwa: Mbande za Kizito. Zithunzi zinali za nazale ya Justina. Nambala inali ya malemu. Munsi munali mawu a ogula, ndipo Mapalo anawawerenga akumasulira. Wina anati mdala wa pamalopo anamuphunzitsa kukumba dzenje osamulipiritsa. Wina anati makotapela ake, mapeyala aja, abereka asanamalize kupaka nyumba penti. Mayi wina analemba kuti anapatsidwa madzi akumwa ndi mpando ngati m'bale.

"Onse awa anamudziwa?"

"Anamudziwa, amai. Koma mvetserani za mwezi uno." Mapalo anawerenga ziwiri zokha. Wina anati malowo asintha, mbande n'zogula pamsika. Wina anati Kizito ndi wakuba.

Justina anatola mpeni wake, n'kuuikanso pansi.

"Wakuba? Munthu ali m'manda?"

"Iwo sadziwa. Aona dzina chabe."

"Kupempha foni, sinizapempha," anatero Justina. "Kulibe njira ina?"

"Iliko. Nilembera eni mapu kuti mwini weniweni ni imwe. Koma azawauza ba Boyd. Sizibisika."

"Lemba."

Lamlungu lotsatira, Misa itatha, Boyd anawadikira pansi pa mtengo panja pa tchalitchi. Anavala jekete ya malemu, yomukulira m'mapewa. Justina anapinda bondo pomupatsa moni.

"Mulamu," anatero Boyd, "nalandira uthenga m'foni. Ati kuli munthu afuna kunilanda dzina la mkulu wanga. Nakana. Ninati ni makawalala a pa intaneti. Manje nimva ati kawalala ni mwana wathu uyu."

"Atate, nazale ili kwa amai," anatero Mapalo.

"Iwe khala chete, akulu akamba. Mulamu, tinakuvutani ife? Ena amasiye atuluka na chitenje chimodzi. Imwe tinakusiyirani zonse, na mbuzi zomwe. Ine ninatenga chani? Foni. Anthu ayamba kutuma okha, ati tifuna mbande, tibwere kuti? Niwauze kuti mwini anafa? Nili na ana kusukulu, nchito inatha. Chakudza sichiimba ng'oma. Dzina la Kizito anamupatsa ni atate athu, osati imwe."

"Zoona, alamu. Koma mbande zija tinali kubzala awiri."

"Chibale ni fupa, mulamu, sichiola. Koma mukaliphwanya na nyundo, liphwanyika. Ganizani bwino."

Anachoka akugwedeza mapewa a jekete. Pobwerera kunyumba, atawoloka kamlatho, Justina anatembenukira kwa Mapalo.

"Wakana. Ndiye zatha?"

"Zisanathe. Nizadandaula kachiwiri. Akavomera, azatipatsa tsiku. Munthu wawo azatuma foni ya vidiyo, aone na maso kuti nazale ili pano, na kuti makiyi ali na imwe. Koma amai, foni ija ikaduka, kapena mukachoka pakati, atibweza kumbuyo kwa mzere. Tizadikira mpaka mvula yapita."

"Munthu wawo akhala kuti?"

"Kaya. Kutali, kutsidya kwa nyanja."

"Ndipo azabwera pakhomo panga osakwera ndeke." Justina anapukusa mutu. "Atate ako akanaseka."

Anadikira. Kutentha kunakula, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Justina ankathirira m'mawa uliwonse, akudula mizu, akusuntha matumba. Galimoto ikalira kumsewu ankaimirira, kenako n'kugwadanso. Mapalo akatuma foni kuchokera ku Silverest akudandaula kuti ayankha liti, mayi ake ndi amene ankamutonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku linaperekedwa. Mapalo anafika ndi minibasi yoyamba, n'kupeza bwalo losesedwa mpaka kumsewu, mayi ake atavala chitenje cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, mpando wa alendo uli pamthunzi.

"Mpando ni wa ndani?"

"Si ukuti kubwera mlendo?"

"Amai, ali m'foni!"

"Ngakhale. Aone kuti tinamukonzekera."

Foni inalira dzuwa litakwera. Pagalasi panaoneka mtsikana wa tsitsi lalitali lakuda, atavala zomvera m'makutu. Anamwetulira, n'kulankhula Chizungu chothamanga. Justina anawomba m'manja mwaulemu. Kenako anaona zenera kumbuyo kwa mtsikanayo. Madzi ankatsetsereka pagalasi lake.

"Mapalo, kwawo mvula igwa!"

"Amai, ati tiyambire pachikwangwani."

"Manje manje igwa, ife tili padzuwa. Mufunse ngati anabzala."

"Amai!"

Anayambira kumsewu. Mapalo ananyamula foni patsogolo ngati kandulo ya pa mdipiti wa Ukaristia, mayi ake akutsogolera. Anaonetsa chikwangwani chimene Kizito analemba ndi penti yobiriwira, chilembo chomaliza chitapanikizika pakona. Anaonetsa kanjira, chitsime, mizere ya mango, ya makotapela, ya malalanje. Mtsikana uja ankagwedeza mutu, akulemba. Pamzere wa mango ananena kanthu, maso ake atawala.

"Ati kwa agogo ake kuli mango ngati awa."

"Muuze abwere azatenge mbande ziwiri."

Atatsala pang'ono kufika pa kanyumba kosungira zida, njinga inalira mabuleki kumsewu.

"Odi!"

Anali mawu a Boyd. Nayenso eni mapu anali atamudziwitsa kuti nkhani ikuunikidwa, ndipo mawu a tsikulo anamufika kudzera mwa amayi a kutchalitchi. Anaima polowera pabwalo, pamene mlendo amaima, atagwira njinga.

Justina anaima chilili. Chibadwire sanasiyepo odi ali lende. Ngakhale woledzera, ngakhale wamisala wa pamsika, ankamuyankha. Ndipo uyu anali mlamu, mwini maliro, amene ananyamula bokosi kutsogolo. Mapazi ake anayamba kutembenuka okha.

"Amai," ananong'ona Mapalo, "ati mutsegule loko. Afuna aone kuti kiyi ni yanu. Mukachoka, yatha."

"Odi kuno! Kodi pakhomo pano anthu anafa onse?"

Mtsikana wa m'foni anadikira, mvula ikutsika kumbuyo kwake. Justina anayang'ana mlamu wake. Anayang'ana loko. Anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje. Anaphonya bowo, n'kuyesanso. Loko inatseguka.

"Mulamu! Niitana ine!"

Analowa. Mapalo anamutsatira ndi foni. Justina anatenga zinthu chimodzichimodzi n'kuzionetsa, akuzitchula maina ngati akuphunzitsa mwana: mpeni womezanitsira, mapepala omangira, pampu, matumba atsopano, kheni yothirira. Kunja odi anasanduka mawu ena. Ankamva dzina lake, dzina la mudzi wa kwawo ku Katete, ndi mawu akuti wosaleredwa. Misozi inagwera pa mpeni, koma sanaleke mpaka mtsikanayo ananena kuti zakwana.

"Ati zikomo. Ati yankho ibwera masiku akubwerawa. Ati pepani za atate."

"Muuze ayende bwino. Asavumbwe."

Galasi linada. Justina anapukuta nkhope, n'kutuluka. Ananyamula mpando uja pamthunzi, n'kukauika patsogolo pa Boyd, n'kugwada pafumbi.

"Lowani, alamu. Khalani."

"Manje? Manje ndiye muniona? Naima pano ngati galu, anthu apita pamsewu aona. Munasankha mzungu wa m'foni kusiya m'bale wa mwamuna wanu."

"Nalakwa, alamu. Odi wanu ninaumva, unanilasa pano. Mulandu umenewo nivomera, ngakhale nkhuku nizapereka."

"Nkhuku!"

"Koma nimvereniko. Jekete ni yanu. Foni ni yanu, sinizaipempha, muli zithunzi za mkulu wanu. Chimene sininadziwe n'chakuti m'kafoni muja munali njira yobwera pakhomo panga. Imwe munadziwa. Munainyamula usana, ine nili pamphasa nilira, n'kukuthokozani."

Boyd anayang'ana kumbali.

"Anthu amutcha wakuba, alamu. Kizito. Pamalo pamene dziko lonse liwerenga, na kutsidya kwa nyanja komwe. Mukanabwera kuti mulamu, ana alibe sukulu, nipatseniko mbande nikagulitse kutala, nikanakana? Na manje sininakane. Bwerani muzatenge, mugulitse m'dzina lanu. Mapalo azakuikani pa mapu, Boyd, pakhomo panu."

"Nizachita, atate," anatero Mapalo. "Mahala, osalipira."

"Sinifuna chifundo cha mkazi wobwera." Boyd anatembenuza njinga. "Tsiku loika mwala pamanda, muitane wa m'foni uja. Azakuimbirani nyimbo. Ife a Phiri musatiyembekeze."

Anapita. Mpando unatsala pabwalo mpaka madzulo, popeza panalibe amene anali ndi mtima wouchotsa.

Sabata imeneyo amayi ena a chigwirizano anamulambalala Justina potuluka m'tchalitchi. Nkhani inali itafika kale kuti anasiya mlamu panja akucheza ndi foni. Iye sanadziteteze. Mapalo anabwera Loweruka ndi uthenga wakuti eni mapu avomera, kachizindikiro kabwerera, nambala tsopano ndi ya Justina. Mayi ake anangoti, "Tamva," n'kupitiriza kuthirira.

Masana ake kumpoto kunada, mphepo n'kuyamba kununkha dothi. Galimoto yoyera inakhota pachikwangwani, ikuyenda mokayika. Itaima, mkati munamveka mawu a mzimayi akulankhula Chizungu, ngakhale munali mwamuna yekha.

"Ni ndani wakamba?" anafunsa Justina.

"Ni foni, amai. Ati mwafika."

Mwamunayo anatuluka nkhope ili gwa. Anayang'ana uku ndi uku.

"Apa ni pa Kizito? Si pamene ninabwera mwezi watha."

"Ni pano, atate. Takulandirani," anatero Justina.

"Ine ndine Mervin, nichokera ku Silverest. Pano kapena kuja, dzina ni imodzi." Anatsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali mbande zodzaza, zazitali, zaminga. "Ninagula malalanje. Wosamalira maluwa kwathu ati aya ni mandimu. Akazi anga aniseka mpaka lelo. Mufuna nidikire zaka kuti nizadye mandimu?"

Mapalo anatsegula pakamwa kuti afotokoze za Boyd. Mayi ake anamugwira dzanja. Anathothola tsamba limodzi, n'kulifikisa, n'kununkhiza.

"Ni mandimu, zoona. Pepani, atate. Dzina ni lathu, mulandu ni wathu. Mapalo, apereke kumzere wa malalanje, asankhe okha. Uwaonetse pomezanitsa, adziwe poyang'ana."

Mervin anakhala ngati wakonzekera ndewu n'kupeza mnzake wagona. Anatsatira Mapalo akukanda mutu. Posachedwa ankamveka akufunsa za makotapela.

Justina anayamba kutsitsa mandimu aja, awiriawiri, akuwandandalika pamthunzi. Mapalo atabwerera ndi wilibala anamupeza akupima tsinde limodzi ndi chala.

"Amai, titaye kudzala izi?"

"Utaye? Ona kunenepa kwake. Lalanje likhala bwino patsinde la ndimu, silifa na chilala." Dontho loyamba linagwa pa tsamba, lalikulu, lina n'kugwa padzanja lake. Anakweza maso. "Thamanga, tenga mpeni mvula isanalimbe. Tikamezanitsa, theka uzapereke kwa atate ako aang'ono. Akakana, usiye pakhomo."